Kodi Mumadziwa? Anyezi Ali ndi Abale Odzalidwa Chifukwa cha Maluwa

• Anyezi ndi adyo ali m'gulu la zomera lotchedwa Allium. M'gululi muli mitundu yoposa 700, ndipo ina anthu amaidzala pongofuna kukongoletsa pakhomo.

• Mtundu wa Allium giganteum, wochokera kumadera a Iran ndi Afghanistan, umatalika mpaka mita imodzi ndi theka. Pamwamba pa phesi lake pamakhala timaluwa tapepo tambirimbiri tounjikana ngati mpira.

• Ku Ulaya amadzala anyezi wa maluwawa kuyambira September mpaka November. Amafunika kudutsa m'nyengo yozizira ali m'nthaka kuti adzachite maluwa mu May kapena June.

• Dzenje limakumbidwa lakuya pafupifupi katatu kuposa msinkhu wa anyeziyo, pamalo owomba dzuwa. Dothi likamasunga madzi, anyeziyo amawola.

• Masamba ake amayamba kufota maluwa asanathe, choncho alimi amadzala zomera zina zazifupi pafupi kuti ziwabise.

• Njuchi zimakonda kwambiri maluwawa, pomwe agwape ndi akalulu amawapewa chifukwa cha fungo la anyezi.