Zinthu 7 Zodabwitsa Zimene Thovu Limachita ndi Phokoso Pansi pa Madzi

Pansi pa nyanja maso safika patali. Anangumi, nsomba zambiri ngakhalenso oyendetsa sitima amadalira makutu. Kumeneko kanthu kamene kali ndi mphamvu yaikulu pa phokoso ndi kopepuka zedi: timathovu ta mpweya. Tikachuluka n'kupanga mtambo, timachedwetsa phokoso, timalimwaza, mwinanso kulitsekereza.

1. Kathovu kalikonse kali ndi mawu akeake. M'chaka cha 1933, Marcel Minnaert, wasayansi wobadwira ku Belgium amene ankagwira ntchito ku Utrecht m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti kathovu kakangopangika m'madzi kamafufuma ndi kuphwa mofulumira kwambiri, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiko kumamveka. Kathovu ka mamilimita awiri m'mimba mwake kamanjenjemera maulendo oposa 3,000 pa sekondi imodzi. Kakakula kawiri, chiwerengerocho chimatsika ndi theka ndipo mawu ake amanenepa. Mukamva mtsinje ukulira pamiyala, kapena madzi a pa mpopi akugwera mu ndowa, dziwani kuti mbali yaikulu ya phokosolo ikuchokera m'timathovu.

2. Mpweya wochepa chabe umagwetsa liwiro la phokoso. Mu mpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, m'madzi a m'nyanja ya mchere mamita 1,500. Munthu angaganize kuti posakaniza ziwirizi liwiro likhala pakatikati. Ayi ndithu. Timathovu tikatenga gawo limodzi mwa magawo 100 a madziwo, liwiro limatsika kufika pa mamita 100 kapena 120 pa sekondi, kuchepera ngakhale la mu mpweya weniweniwo. Chifukwa chake n'chakuti madzi a thovu amakhala olemera monga madzi ena onse, koma amafinyika mosavuta chifukwa cha mpweyawo. A. B. Wood wa ku Britain ndiye analemba masamu ake mu 1930.

3. Mukhoza kudzimvera nokha m'kapu. Thirani koko kapena khofi wa ufa m'madzi otentha, takasani, kenako muzigogoda pansi pa kapuyo ndi supuni. Poyamba imalira monenepa, koma pakamapita masekondi kuliraku kumakwera pang'onopang'ono. Ufa uja umalowa ndi timathovu tambirimbiri timene timachedwetsa phokoso, ndipo tikamayandama n'kuphulika, liwiro limabwerera mwakale. Frank Crawford wa ku Berkeley ku America analongosola zimenezi mu 1982.

4. Mpweya wa m'mimba mwa nsomba unanyenga asilikali a pamadzi. Makina a sonar amatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera lobwerera. Phokosolo likafanana ndi mawu a kathovu, kathovuko kamalimwaza mwamphamvu kuposa msinkhu wake maulendo mazanamazana. Aliyense amene anatumbulapo chambo anakaona kathumba ka mpweya kamene kamakhala pansi pa msana. Pa nsomba zokhala nako, kathumba kameneka kamabweza pafupifupi magawo 90 mwa 100 a phokoso lobwerera. Mu 1942, akatswiri ofufuzira asilikali a pamadzi a America anaona ngati apeza pansi pa nyanja pa mamita mazana ochepa okha, pamalo pamene amadziwa kuti m'pakuya kwambiri. Chodabwitsa china, "pansi" pamenepo pankakwera usiku n'kutsika masana. Zinali nsomba zing'onozing'ono ndi zamoyo zina zimene zimakwera kukadya kukada. M'nyanja ya Malawi, mphutsi za nkhungu nazonso zili ndi timatumba ta mpweya, ndipo zimabisala kozama masana n'kukwera usiku.

5. Anangumi ena amasodza ndi ukonde wa thovu. M'madzi a ku Alaska, anangumi a mtundu wa humpback amazungulira pansi pa khamu la nsomba uku akutulutsa mpweya. Timathovu timakwera n'kupanga mpanda wozungulira, wina mwa iwo amalira mokweza, nsomba zimaunjikana pakati, kenako onse amatumphuka atayasamula. Mu 2004, Timothy Leighton wa ku yunivesite ya Southampton anapereka ganizo lakuti kulirako kumakodwa mkati mwa mpanda wa thovuwo, moti nsomba zimaopa kuuboola ndipo zimathawira pakati pomwe pali phee, pamene pakudikira pakamwa pa nangumi.

6. Thovu likupulumutsa makutu a nyama za m'nyanja. Pokhoma mizati ya zitsulo ya makina opanga magetsi ndi mphepo m'nyanja, phokoso lake limatha kugonthetsa nyama zokhala ngati ma dolphin zotchedwa harbour porpoise, zimene zimasaka chakudya ndi makutu. Dziko la Germany linaika malire akuti phokosolo lisapitirire ma decibel 160 pa mtunda wa mamita 750. Omanga amayala paipi yobowolabowola pansi pa nyanja kuzungulira malo a ntchito n'kupoperamo mpweya. Katani ya thovu imene imakwera imamwaza ndi kumeza mbali yaikulu ya phokosolo lisanafike patali. Njira yomweyi inagwiritsidwa ntchito pomanga mlatho wa pakati pa San Francisco ndi Oakland pofuna kuteteza nsomba.

7. Madokotala amalowetsa timathovu m'magazi mwadala. Mu 1968, Raymond Gramiak ndi Pravin Shah a ku Rochester ku America anaona kuti madzi obayidwa mu mtima amawala pa chithunzi cha ultrasound chifukwa cha timathovu tosaoneka ndi maso. Lero pali mankhwala a timathovu tating'ono, ta msinkhu wa maselo ofiira a magazi, timene timathandiza kuona bwino mtima ndi chiwindi, ndipo mpweya wake umatuluka kudzera m'mapapo pakapita mphindi zochepa.

Lamulo limodzi lomweli, lakuti timathovu timasintha kayendedwe ka phokoso, likugwira ntchito m'kapu, m'nyanja ndi m'chipatala. Aphunzitsi ndi makolo, musadikire labotale: kapu, supuni ndi madzi otentha n'zokwanira kuti mwana ayambe kufunsa chifukwa chake, ndipo sayansi imayambira pa funso limenelo.