KUBZALA MITENGO NDI NTHAMBI

Omvera athu a ku migodi ndi a m'matauni, ambiri a inu munaona kumudzi kuti cinangwa sabzala ndi njere koma ndi mitengo yace, ndiponso kuti nsici ya mlombwa yozikidwa pa mpanda nthawi zina iphuka. Nzeru yomweyi ithandiza kwa wofuna zipatso kuseri kwa nyumba yace. Mtengo wa njere kawiri-kawiri sufanana ndi mace. Munthu angadikire zaka, nadzalawa gwafa wosakoma. Koma womera ku nthambi ubala monga mace.

M'nsonga za mtengo muli mankhwala acibadwa ochedwa auxin, amene atsika kulinga kumunsi. Mukadula nthambi, mankhwalawo aunjikana pa bala, ndipo mizu iyambira pamenepo. Cifukwa cace nthambi yozikidwa cadodolido sigwira. M'caka ca 1935 Zimmerman ndi Wilcoxon a ku America anaonetsa kuti mankhwala opangidwa ndi anthu, ochedwa IBA, acita nchito yomweyo. Ndiwo ali mu ufa wonga Seradix, wogulitsidwa m'masitolo ena a mbeu: nambala 1 ndi wa nthambi zanthete, nambala 3 wa zokhwima.

Dulani m'mamawa ndi mpeni wakuthwa, utali masentimita 15 kapena 20, pansi peni-peni pa mfundo. Thotholani masamba a m'munsi. Awiri otsala pamwamba muwadule pakati kuti asamwe madzi ambiri. Bviikani tsinde mu ufa, nimukutumule. Pano ambiri alakwa poganiza kuti ufa wocuruka ndiwo mizu yocuruka, koma utentha tsinde.

Ine ndiyesa kuti cozikamo ciposa ufawo. Dothi la pa culu, limene licuruka ku Kitwe ndi ku Luanshya, ligwirana kolimba likanyowa, mpweya sulowa, ndipo nthambi iola. Tengani mcenga wa kumtsinje wotsuka bwino, muusanganize ndi utuci woola. Boolani dzenje ndi kamtengo, kuti ufa usapukutike polowetsa. Bvundikirani ndi pepala la pulasitiki, muike pamthunzi, ndi kuwaza madzi pang'ono pamene mcenga uyamba kuuma.

Mukaona masamba atsopano musafulumire kuzula. Nthambi itha kuphuka ndi cakudya cace cakale isanacite muzu ndi umodzi womwe. Lindirani masabata 6. Mabulosi ndi mkuyu zigwira msanga, ngakhale popanda ufa. Gwafa afuna nthambi yanthete ndi ufa ndithu. Mango ndi mapeyala musabvutike nazo: izo zifuna kumezanitsa, ndipo tidzakamba za ico tsiku lina.