Kupanikiza kanema wa pa DVD ndi maonekedwe a chithunzi

Kanema amene wangolembedwa monga watulukira mu kamera, chithunzi chilichonse chili chathunthu, angadzaze chimbale cha DVD cha 4.7 GB m'mphindi pafupifupi zisanu zokha, n'chifukwa chake kuyambira pamene zimbalezi zinatuluka ku Japan mu 1996, kanema wake amayamba wapanikizidwa ndi njira yotchedwa MPEG-2. Njirayi imasunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, kaŵirikaŵiri chimodzi pa zithunzi 12 kapena 15, ndipo pa zotsalazo imangolemba zimene zasintha, komanso imataya tinthu tating'onoting'ono timene diso silitiona msanga.

Chimene chimalamulira ubwino wa chithunzi ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa ma bit amene sekondi iliyonse ya kanema yapatsidwa. Malamulo a DVD salola kanema kupitirira 9.8 Mbps (ma bit 9.8 miliyoni pa sekondi), ndipo popeza chimbale sichikula, kanema akatalika gawo la sekondi iliyonse limachepa: wa ola limodzi amakwana pamlingo wapamwamba, wa maola aŵiri amatsikira cha pa 5 Mbps, pamene wa maola atatu amagwera pa 3.5 Mbps, mawu ali momwemo. Ma bit akapereŵera, timabokosi ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, timene MPEG-2 imadulira chithunzi, timayamba kuonekera, makamaka pamene pali madzi, utsi, fumbi kapena gulu la anthu ovina, zimene zimavutitsa ojambula maukwati ndi makwaya amene amafuna mwambo wonse ukwane pa chimbale chimodzi.

Apa mpamene kagaŵidwe ka ma bit kamakhala kofunika kuposa kuchuluka kwake. Njira ya CBR imapatsa sekondi iliyonse muyeso wofanana, kotero m'busa amene waima phee akulalikira amadya gawo lofanana ndi la anthu ovina pa perekaniperekani, chimene chili chiwonongeko. Njira ya VBR yodutsa kaŵiri imayamba yamuyendera kanema yense kuti idziŵe malo ovuta, kenako n'kuwapatsa zimene yasunga pamalo odekha. Imachedwetsa kompyuta, koma kanema wotalika ndiyo imamuyenera.

Mawu nawonso amalanda malo, pakuti mawu osapanikizidwa a PCM amatenga 1.5 Mbps, pamene Dolby Digital wa masipika aŵiri amakwanira pa 192 kbps, ndipo zotsalazo zimapita ku chithunzi.