Chiwindi chikadzaza mafuta, mankhwala nawo amasintha

Piritsi limene munthu wameza limayamba ladutsa kuchiwindi lisanafalikire m'thupi monse. Kumeneko kuli gulu la ma enzyme otchedwa cytochrome P450, dzina limene linachokera kwa akatswiri a ku Japan, Tsuneo Omura ndi Ryo Sato, mu 1962. Ntchito ya gululi ndi kuphwanya mankhwala kuti atuluke ndi mkodzo kapena ndulu. Imodzi mwa ma enzyme amenewa, CYP3A4, imaphwanya payokha pafupifupi theka la mankhwala amene madokotala amalembera odwala.

Nanga chiwindicho chikadzaza mafuta? Madokotala amati munthu ali ndi matendawa ngati maselo oposa 5 pa 100 alionse a chiwindi chake asunga mafuta. Mowa umayambitsa vutoli, koma ambiri amene ali nalo sadziwa n'komwe khomo la bala. Awo limawadzera chifukwa cha kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi zakumwa zotsekemera. Kawirikawiri sipamveka ululu, ndipo ambiri amatulukira mwangozi atapita kukajambulitsa m'mimba pa zifukwa zina.

M'chiwindi chotere, CYP3A4 imafooka, kotero mankhwala ena amachedwa kuchoka m'magazi. Koma imene imadetsa nkhawa kwambiri ndi inzake, CYP2E1, chifukwa iyo m'malo mochepa imachuluka. Charles Lieber, dokotala wa ku New York, anasonyeza mu 1968 kuti chiwindi chili ndi njira ina yophwanyira mowa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mwini ntchitoyo ndi CYP2E1. Vuto lake n'lakuti ikamagwira ntchito imatulutsa tizidutswa ta okosijeni towononga maselo. Zili ngati kukoleza mbaula ya makala othetheka pafupi ndi udzu wouma: mafuta aja ndiye udzuwo. Akawonongeka, chiwindi chimatupa, kenako chimachita zipsera, ndipo kwa ena mapeto ake chimalimba n'kulephera ntchito.

Apa ndi pamene Panado amalowera. Gawo lalikulu la paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, limatuluka m'thupi popanda vuto, koma kagawo kochepa kamadutsa kwa CYP2E1 n'kusanduka poizoni wotchedwa NAPQI. Chiwindi chili ndi chozimira poizoniyu, dzina lake glutathione, koma chimachepa mwa munthu womwa kwambiri komanso wosadya mokwanira. Taganizirani bambo amene wadzuka ndi matsire, m'mimba muli gwaa, n'kugula mapiritsi anayi pagolosale n'kumeza onse kamodzi. Masana akuwonjezera mankhwala a chimfine, osadziwa kuti namonso muli paracetamol yemweyo. Enzyme yopanga poizoni yachuluka, chozimira chachepa.

Sikuti Panado ndi woipa ayi, ndipo amene amaopseza anthu kuti amusiyiretu amalakwitsa. Malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4 patsiku, kutanthauza mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, ndipo kwa wodwala chiwindi dokotala amatsitsa mlingowo. Chofunika n'kuuza adokotala zoona za mowa ndi mankhwala azitsamba amene mukumwa, makamaka mukamayamba mankhwala a TB monga isoniazid, amenenso amalemetsa chiwindi.

Mankhwala oyamba a matenda a mafuta m'chiwindi akafika potupitsa chiwindi, resmetirom, anavomerezedwa ku America mu 2024. Koma kuchepetsa thupi ndi makilogalamu 7 mpaka 10 pa 100 alionse kumasungunula mafutawo ndi kuchepetsa kutupa, malinga zipsera zisanakhwime.