Firewall imene sinkaonetsa kanthu pa sikirini

Zinkachitika kawirikawiri cha m'ma 2007 ndi 2010. Munthu woyang'anira makompyuta a ofesi ankatenga kompyuta yakale, n'kuichotsa hard disk, m'malo mwake n'kuikamo khadi la CompactFlash lokhala ndi pulogalamu ya pfSense. Cholinga chinali chakuti makinawo asanduke firewall, mlonda wa pachipata pakati pa netiweki ya ofesi ndi intaneti, wosankha zolowa ndi zotuluka. Akayatsa, pa sikirini pankatuluka mizere ingapo yoyambirira, kenako zii. Kiyibodi osayankha. Ambiri ankangoti khadi lafa kapena fayilo inaonongeka poikopera.

Chikhalirecho makinawo anali moyo. Ankalemba uthenga wawo wonse bwinobwino, koma ankautumiza ku poti ya serial ya mapini 9 kumbuyo kwa kompyuta, kumene kunalibe chingwe chilichonse.

Silinali vuto loti opanga pulogalamu anaiwala. Anachita dala, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya makina amene pulogalamuyi inabadwira. Manuel Kasper wa ku Switzerland anatulutsa m0n0wall mu 2003, firewall yomangidwa pa pulogalamu yoyendetsa makompyuta ya FreeBSD yoti izikwana pa timakina ting'onoting'ono. Mu 2004 Chris Buechler ndi Scott Ullrich anatenga maziko a m0n0wall n'kuyambitsa pfSense, imene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu October 2006. Timakina timene anthu ankagula pa ntchitoyi tinali ta Soekris Engineering ya ku California, monga net4801 ndi net5501, komanso WRAP ndi ALIX ta kampani ya PC Engines ya ku Switzerland. ALIX 2D3, mwachitsanzo, inali ndi purosesa ya AMD Geode ya 500 MHz, memori ya 256 MB ndi mapoti atatu a netiweki. Inalibe fani, inkadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo inalibe malo olumikizira sikirini kapena kiyibodi. Bokosi loti likhala m'kabati zaka zambiri osakhudzidwa, sikirini lingaitani?

Choncho pfSense inkatuluka m'mitundu iwiri. Wina unali wa pa CD, woika pa hard disk ya kompyuta wamba, ndipo unkagwiritsa ntchito VGA, njira yolumikizira sikirini ya mapini 15 imene IBM inabweretsa mu 1987. Winawo unali wa embedded, fayilo imodzi yokopera yonse pa khadi. Mu FreeBSD muli mzere umodzi m'fayilo ya loader.conf umene umauza makina kolankhulira: vidconsole ndiye sikirini ndi kiyibodi, comconsole ndiye serial. Mtundu wa embedded unkabwera utasankha kale comconsole.

Funso ndi lakuti, nanga wa kompyuta yakale uja ankalimbikiranji mtundu wa embedded pamene wa pa CD unalipo? Yankho lili pa khadi. Memori ya flash imatha ikamalembedwalembedwa, ndipo makadi a nthawi imeneyo sankachedwa kutopa. Mtundu wa embedded unkasunga khadi lili lowerenga lokha; malogi ndi zina zosintha mphindi iliyonse zinkakhala mu RAM, ndipo khadi linkatsegulidwa kuti lilembedwe pokhapokha woyang'anira akasintha makonzedwe. Kuyambira pa 1.2.3, imene inatuluka mu December 2009, mtunduwu unamangidwa ndi NanoBSD, chida cha Poul-Henning Kamp wa ku Denmark. NanoBSD imagawa khadi kuti likhale ndi makope awiri a pulogalamu. Mukakweza kupita ku mtundu watsopano, umalembedwa pa gawo lachiwiri, ndipo ukavuta mumangobwerera ku loyamba.

Kwa ife okhala kumene magetsi amathima osatsanzika, ubwino wake n'ngoonekeratu. Makina amene sakulemba kanthu pa nthawi imene magetsi akuthima sakhala ndi fayilo yoti iduke pakati. Hard disk yakale ndiyo chiwalo choyamba kufa m'kompyuta ya kaunjika. Ndiye munthu wofuna kulimba kwa khadi pa kompyuta wamba sanali wosokonezeka mutu ayi. Iye ndi amene opanga pulogalamu sanamuganizire poyamba.

Ena ankati nkhaniyi ndi yaing'ono poti pfSense imayendetsedwa kudzera pa browser: mumalumikiza laputopu ku poti ya LAN, ya mbali ya netiweki ya ofesi, n'kulemba 192.168.1.1, zonse n'kuoneka. N'zoona, koma pokhapokha zinthu zikakhala kuti zili bwino. Pa kuyatsa koyamba, makadi a netiweki a m'kompyuta akakhala osiyana ndi amene fayiloyo inkayembekezera, pulogalamu inkaima n'kufunsa kuti WAN, ya mbali ya intaneti, ndi iti, LAN ndi iti. Funsolo linkapita ku serial. Popanda woyankha, LAN sinkadzuka, ndiye kuti browser nayo inalibe kofikira. Chimodzimodzi mukaiwala pasiwedi, kapena mukalemba lamulo la firewall limene lakutsekerani kunja inu nomwe. Console, kumene makina amalankhulira mwachindunji kudzera pa sikirini kapena serial, imafunika tsiku limene netiweki yakana, ndiye kunena kuti mudzadalira netiweki sikuyankha kanthu.

Serial yokhayo inali ndi zovuta zake. Muyezo wa RS-232 ndi wa 1960, ndipo pofika nthawi imeneyi malaputopu ambiri anali atasiya kubwera ndi poti yake. Pankafunika adaputala ya USB, kuwonjezera chingwe chotchedwa null modem, chimene mawaya ake a pini 2 ndi pini 3 ndi opingasa kuti chotumiza cha mbali ino chikumane ndi cholandira cha mbali inayo. Chingwe wamba chimaoneka chimodzimodzi ndi maso, koma sichitulutsa ngakhale chilembo. Mukapeza choyenera, mumatsegula pulogalamu monga PuTTY, n'kukumana ndi nkhani ya liwiro. BIOS ya Soekris inkalankhula pa 19200 baud, ya ALIX pa 38400, pamene pfSense inkalankhula pa 9600. Mukasankha liwiro la BIOS, mumawerenga bwino masekondi oyamba, kenako sikirini imadzaza zizindikiro zopanda mutu. Mukasankha la pfSense, zopanda mutuzo zimayamba ndizo. Akatswiri ankangosintha liwiro la BIOS kuti zonse zifanane, koma woyamba kumene ankataya tsiku. Mu January 2015, mtundu wa 2.2 unasamutsira liwiro la pfSense pa 115200, limene matabwa atsopano a APU a PC Engines ankagwiritsanso ntchito.

Olimba mtima ankatsegula fayilo ya embedded pa kompyuta ina ya FreeBSD n'kusintha okha mizere ya console. Zinkatheka, koma kukweza pulogalamu kunkalemba gawo latsopano lathunthu, ndipo zosinthazo zinkatha kufafanizika, makina n'kubwereranso ku serial ali kutali ndi mwini wake.

Yankho lenileni linabwera ndi mitundu ya 2.0, imene inayamba mu September 2011: pambali pa mafayilo a nanobsd panaikidwa ena otchedwa nanobsd_vga, a makadi oyambira 512 MB mpaka 4 GB. Mkati mwake zonse zinali zofanana, kupatula kuti console inkapita ku sikirini ndi kiyibodi. Mtengo wake unali wakuti mafayilo oti amangidwe ndi kuyesedwa pa mtundu uliwonse anawirikiza, ndipo wokopera anayenera kusamala posankha. Mwini ALIX 2D3 akatenga fayilo ya VGA ankagwa m'vuto lomwelo motembenuka: uthenga unkapita ku sikirini imene bokosi lake linalibe. Ngakhale zili choncho, ndimaona kuti anachita bwino. Kusiyana kwa mafayilo awiriwo kunali mizere yochepa chabe, koma kunatsegulira khomo masukulu ndi timaofesi timene sitikanakwanitsa kuitanitsa bokosi lapadera kuchokera ku Ulaya kapena ku America.

NanoBSD sinakhalitse pambuyo pake. Ma SSD anatsika mtengo ndipo ankapirira kulembedwa kuposa makadi akale. Manuel Kasper anatseka m0n0wall mu February 2015, n'kulangiza anthu kuti asamukire ku OPNsense, imene kampani ya Deciso ya ku Netherlands inali itangoyambitsa mwezi wa January kuchokera ku pfSense. Mu October 2017, pfSense 2.4 inasiyiratu mafayilo a NanoBSD pamodzi ndi mapurosesa a x86 a 32-bit, zimene zinasiya ALIX kunja.

Kusankha console kudakalipo. OPNsense imapereka mafayilo olembedwa dvd, vga, serial ndi nano, ndipo wokopera amayenera kuyang'ana kumbuyo kwa makina ake asanadine. Mabokosi ambiri amene kampani ya Netgate imagulitsa ali ndi pfSense alibe polumikizira sikirini. Ali ndi kapoti ka USB kolembedwa Console, kamene mkati mwake muli kachipangizo kosandutsa USB kukhala serial, ndipo pa laputopu mumatsegulabe PuTTY n'kuika liwiro pa 115200.