Printa Yotchipa, Inki Yodula: Werengerani Musanagule

Chaka ndi chaka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma kuno ku Kasungu, masitolo apaboma amadzaza ndi alimi. Wina amagula malata, wina njinga yamoto, ndipo masiku ano ena akumanyamulanso printa kuti ana azisindikizira kunyumba ntchito za kusukulu. Inenso ndidagula yanga kuti ndizisindikizira ophunzira anga m'malo molemba zonse pabolodi. Mwezi usanathe inki idatha, ndipo nditafunsa mtengo wa makatiriji awiri atsopano ndidagwira pakamwa, pakuti sudali kutali ndi mtengo wa printa yomweyo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phindu lili pa inki

Abale ndi alongo, makampani opanga printa zazing'ono za inki amagulitsa makinawo pamtengo wotsika podziwa kuti phindu lenileni adzalipeza pa inki, yomwe mudzagula kambirimbiri. Katiriji imene imabwera ndi printa yatsopano nthawi zambiri imakhala ndi inki yochepa. Mwachitsanzo, katiriji yakuda ya HP 123 imayembekezeka kusindikiza masamba pafupifupi 120 basi. Mwana mmodzi wa Fomu 4 akhoza kuimaliza ndi mapepala a mayeso akale okha.

Inki imathanso musanasindikize. Printa ikakhala masiku osagwira ntchito, inki imauma m'timabowo take, makamaka m'nyengo yotentha ndi yafumbi ya Okutobala, kaya kuno kuchigwa kaya kunyanja ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Pofuna kutsegula timabowoto, makinawo amadzitsuka okha pogwiritsa ntchito inki yomweyo. Komanso katiriji ya mitundu itatu ili ndi vuto lake: mtundu umodzi ukatha, zithunzi zimatuluka zonyansa ngakhale mitundu iwiri inayo ilipo.

Pamwamba pa izi, inki imachokera kunja ndipo amalonda amaigula ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wotere udakwera. Mlimi wa fodya, amene mtengo wa mbewu yake umatchulidwa m'madola, mwina angapirire pang'ono, koma msodzi kapena mphunzitsi amene amalandira makwacha okhaokha amalawa ululu wonse.

Nanga kuthira inki ina?

Ambiri amapita kwa amisiri amene amathira inki m'katiriji ndi jekeseni. Njirayi ndi yotchipa ndithu, koma ili ndi zovuta. Makatiriji ambiri ali ndi kachipangizo kamene kamauza printa ngati katirijiyo ndi ya kampaniyo. Mu 2016 printa zina za HP zidayamba kukana makatiriji a makampani ena, ndipo anthu m'maiko ambiri adadandaula. Mu 2017 khoti lalikulu la ku America lidagamula pa mlandu wa kampani ya Lexmark kuti singagwiritse ntchito malamulo oteteza luso lake poletsa ena kugulitsanso makatiriji amene idagulitsa kale. Komabe inki yachabechabe imatseka mutu wa printa, ndipo mumataya zonse.

Chochita

Mu 2010 kampani ya Epson idayamba kugulitsa ku Indonesia printa zokhala ndi thanki, zimene mumangothiramo inki ya m'botolo. Canon ndi HP adatsatira. Botolo limodzi lakuda la Epson 103 la 65 ml limayembekezeka kusindikiza masamba pafupifupi 4,500. Yerekezani ndi 120 aja. Printa yotere ndi yodula pogula, koma tsamba lililonse limatchipa kwambiri.

Tsono musanatulutse ndalama, funsani mtengo wa inki, muugawe ndi chiwerengero cha masamba, kenaka muyerekeze ndi zimene amalipiritsa patsamba limodzi pa fotokope yapafupi nanu. Ngati banja lanu limasindikiza masamba ochepa pamwezi, printa siyofunika. Ngati mumasindikiza ambiri, sonkheranani mabanja angapo mugule ya thanki, ndipo muziigwiritsa ntchito sabata iliyonse ndi kuiphimba ku fumbi.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, koma inki imafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Safunsa adadya phula.