Nyanja yamchere pabalaza sifuna phuma

M'mizinda ngati Durban, Cape Town, London ndi Berlin muli anthu amene amaweta kachigawo ka nyanja yamchere m'nyumba zawo. Amaika thanki yagalasi pabalaza n'kuthiramo madzi amchere, miyala, nsomba zamawangamawanga ndi makorali, tizamoyo tija timamanga matanthwe pansi pa nyanja zikuluzikulu. Ena mwa abale athu ogwira ntchito m'nyumba ku Joni amapatsidwa udindo wopukuta galasilo ndi kudyetsa nsombazo. Enafe timangoona pa Facebook ndi pa YouTube, mtima n'kumati tsiku lina ndikapeza ndalama ndidzagula yanga.

Wolakalaka zimenezi adziwiretu kuti chowetedwa chenicheni m'thankimo ndi madzi. Madzi akakhala bwino, nsomba ndi makorali zimadzikhalira. Akasintha mwadzidzidzi, mmawa mumapeza zonse zafa, ndalama zanu zapita nazo limodzi.

Choyamba n'kudziwa kuti korali si mwala kapena chomera, ngakhale amaoneka ngati maluwa. Ndi nyama, m'bale wake wa jellyfish. M'thupi mwa makorali ambiri mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga achitira masamba a chimanga, ndipo zimagawira koraliyo. Iye amazipatsa pokhala. Madzi akatentha kwambiri ubalewu umatha: korali amatulutsa nderezo, amayera mbuu, ndipo zikapitirira amafa ndi njala. Izi zidachitika m'madera ambiri a nyanja ya India m'chaka cha 1998, komanso ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016 ndi 2017. Ngati nyanja yonse yaikulu ija imalephera kuteteza makorali madzi akatentha, kuli bwanji kathanki ka pabalaza m'mwezi wa Okutobala?

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi pepala ndi pensulo asanagule kanthu. Amasankha kaye zimene akufuna kuweta, popeza makorali ofewa amapirira pamene olimba anthambi, monga Acropora, amafuna kuwala kwambiri ndi madzi osasinthasintha. Kukula kwa thanki, mtundu wa nyale ndi mphamvu ya mapampu zonse zimatsatira chisankho chimenecho.

Ambiri amaganiza kuti woyamba kumene ayambe ndi thanki yaing'ono. Zoona zake n'zakuti yaing'ono ndiyo yovuta, chifukwa madzi ochepa amatentha msanga, amazizira msanga ndipo amaipa msanga. Kapu ya tiyi imazizira ketulo ikadali yotentha. Koma yaikulu nayo ili ndi vuto lake, ndilo kulemera. Thanki yotalika masentimita 120, 50 mulifupi ndi 50 kuya kwake imalowa malita 300. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye mukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga mwapitirira makilogalamu 400, kufanana ndi matumba asanu ndi atatu a simenti. Tebulo wamba silingasenze katundu wotere. Pamafunika choikapo cholimba cha zitsulo kapena matabwa okhuthala, pamalo osalala osapendama, pakuti thanki yopendama imang'aluka m'mphepete momatira magalasi. Isakhalenso pafupi ndi windo, chifukwa dzuwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere zosafunika. Ndipo ikadzaza simungaisunthe ngati mpando pokolopa.

Pa nkhani ya mchere ndi pamene anthu ambiri amadabwa. Mchere wa pagolosale, umene timathira m'ndiwo, sungagwire ntchito. M'madzi a m'nyanja yamchere muli magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, koma mcherewo ndi wosakanikirana: muli magnesium, calcium, potassium ndi zina zambiri, ndipo calcium ndi amene korali amamangira chigoba chake. Choncho amagula mchere wopangidwira ntchitoyi, monga wa Instant Ocean, Red Sea kapena Tropic Marin. Kudzaza thanki ya malita 300 koyamba kumadya makilogalamu opitirira 10. Madzi osungunulira mcherewo sakhala a pampopi kapena a pamjigo. Amasefedwa ndi makina a reverse osmosis kuti achotse chlorine, phosphate ndi kopa. Kopa ngakhale wochepetsetsa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Akasakaniza amayeza ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, ndipo mlingo wofunika ndi 1.025 kapena 1.026.

Palinso chinthu chimene mayi aliyense wophika amachidziwa. Ndiwo zikaphwera pamoto mchere umawawa, ndipo mumawonjezera madzi, osati mchere wina. Thanki nayo imatero. Tsiku lililonse madzi amauluka ngati nthunzi, mchere n'kutsala, ndiye obwezeramo ayenera kukhala madzi opanda mchere. Wobwezeramo amchere amapha ziweto zake pang'onopang'ono akudziyesa wosamala. Kupatula apo, sabata iliyonse kapena ziwiri zilizonse amatapamo gawo limodzi mwa magawo khumi a madziwo n'kuikamo amchere atsopano. Pa thanki yathu ija ndi malita 30, ndowa imodzi ndi theka, ndiponso kilogalamu ina ya mchere wogula. Kuno kwathu, kumene mchere woterewu ungachite kuitanitsidwa kunja, ndalama imeneyi ndi yoiwerengera usanayambe.

Gawo limene limandisangalatsa ine monga mphunzitsi ndi la masabata oyambirira, pamene thanki imakhala ndi madzi ndi miyala yokha. Tikamaphunzitsa kuzungulira kwa nitrogen kusekondale, ana amaloweza mayina a Nitrosomonas ndi Nitrobacter kuti akhoze mayeso, kenako n'kuiwala. Mwini thanki sangaiwale, chifukwa moyo wa nsomba zake wagona pomwepo. Nsomba zimatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya a gulu loyamba amamusandutsa nitrite, poizoninso, ndipo a gulu lachiwiri amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savulaza kwambiri akakhala wochepa. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe okwanira. Amafunika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti aswane m'timaenje ta miyala, ndipo mwiniwake amangowapatsa ammonia pang'ono kapena kachidutswa ka chakudya choti chiwole, n'kumayeza madzi masiku angapo alionse. Ammonia ndi nitrite zikafika pa ziro, ndiye nthawi yoika nsomba yakwana, komanso imodzi kapena ziwiri zokha. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Alendo akubwera kudzaona thanki yopanda kanthu, manyazi n'kumugwira munthu, n'kukagula nsomba khumi tsiku limodzi. Sabata isanathe zonse zili chagada.

Njira yodalira miyala ndi mabakiteriyayi si yatsopano. Lee Chin Eng wa ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, adaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti thanki ingakhale yamoyo ndi miyala ya m'nyanja ndi mpweya wokwanira basi. Pambuyo pake okonda ntchitoyi ku Germany adawonjezera nyale zamphamvu ndi makina otchedwa protein skimmer, ndipo njirayo mpaka lero imatchedwa ya Berlin. Makinawa amapanga thovu limene limakoka zonyansa zisanawole n'kuzitayira m'kapu. Fungo la zotuluka m'kapumo silosiyana ndi la chithaphwi cha kumsika, ndipo wotaya ndi mwini thanki yemweyo. Nthawi zambiri makinawa amabisidwa m'kathanki kena ka pansi kotchedwa sump.

Zotsala ndi nyale za LED zowala mobiriwira ngati thambo, zoyaka maola asanu ndi atatu mpaka khumi patsiku, ndi mapampu ovundula madzi, popeza korali sayenda: mafunde ndi amene amamubweretsera chakudya ndi kumuchotsera zonyansa. Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Kumalo ozizira pamafunika chotenthetsera, kumalo otentha choziziritsira.

Mwaona kuti zonsezi zimayenda ndi magetsi usiku ndi usana. Mapampu akaima, mpweya wa okosijeni umayamba kuchepa m'madzi ndipo pakangopita maola angapo nsomba zimayamba kubanika. Ku South Africa, m'zaka zimene magetsi ankazimazima kwambiri, eni matanki ankadalira mabatire, ma inverter ndi majenereta. Ife kuno kuthima kwa magetsi timakudziwa bwino. M'maganizo mwanga, munthu wa ku Lilongwe kapena Blantyre amene alibe sola kapena batire lokwanira kuyendetsa pampu usiku wonse asayambe n'komwe. Ndalama ya batireyo ibwere patsogolo pa ya nsomba.

Nanga ziwetozo zimachokera kuti? Funso limeneli ndi lofunika kulifunsa kwa wogulitsa. M'madera ena a Philippines ndi Indonesia asodzi akhala akugwiritsa ntchito poizoni wa cyanide kukomola nsomba kuti azigwire zamoyo. Ndi zoletsedwa, zimapha makorali apafupi, ndipo nsomba zambiri zogwidwa motero zimafa zitagulidwa kale. Mwamwayi, clownfish, kansomba kofiirira kamizere yoyera kamene kadatchuka ndi filimu ya Finding Nemo ya mu 2003, tsopano kamaswetsedwa m'matanki, ndipo makorali ambiri amachulukitsidwa podula kanthambi n'kukamata pamwala wina, monga timabzalira chinangwa. Makorali olimba ali pansi pa pangano la CITES, kotero kuwaolotsa malire kumafuna chilolezo. Wopita kugombe la Mozambique, ku Pemba kapena ku Bazaruto, asaganize zothyolako kanthambi n'kubisa m'chikwama.

Nsomba yatsopano imayamba yasungidwa payokha kwa masabata angapo, chifukwa mankhwala ambiri a matenda a nsomba ali ndi kopa ndipo sangathiridwe m'thanki ya makorali. Makorali ena, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Powagwira pamafunika magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo mwala umene ameredwapo suwiritsidwa pamoto, chifukwa nthunzi yake idadwalitsapo mabanja athunthu. Abale athu opukuta matanki a mabwana ku Joni azidziwe zimenezi. Ndipo amene watopa ndi ziweto zake asakazitaye m'nyanja. Nsomba ya lionfish, yomwe kwawo ndi nyanja za India ndi Pacific, idaoneka ku Florida m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti idachokera m'matanki a anthu. Lero yafalikira ku Caribbean konse ndipo ikudya nsomba zing'onozing'ono za kumeneko.

Chondiseketsa n'chakuti pamene ife tikusirira matanki a ku Ulaya, anthu ambiri kumeneko amene amaopa chintchito cha madzi amchere amaweta nsomba za m'nyanja yathu ya Malawi. Mbuna, zija zimakhala m'miyala ku Cape Maclear, Likoma ndi Nkhata Bay, zili ndi mitundu yowala yopikisana ndi nsomba za m'makorali. Malemu Stuart Grant ankazitumiza kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Thanki ya mbuna sifuna mchere wogula kunja, protein skimmer kapena nyale zamphamvu. Imafuna miyala yambiri yobisalamo, sefa yabwino, mpweya ndi masabata omwe aja odikira mabakiteriya. Chokhacho, zisagwidwe m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 1984, pakuti m'mphepete mwa miyala ndi zilumba za kumeneko kusodza n'koletsedwa.